Ola Limodzi la Wakabaza

Lolemba, 9 Juni
Alipo: ine, mayi a Tadala, ndi adokotala. Msana ukupweteka, bipi yakwera. Adokotala akuti: "Bambo, njinga si mkazi wanu. Muzipuma ola limodzi masana aliwonse, muzisewerako." Mayi a Tadala awonjezera mankhwala awo: ndikalephera sabata ino, njinga yanga ya kabaza ikakhala kwa achimwene awo ku Kanduku mwezi wathunthu.

Masana ndagona pansi pa mtengo wa mango. A Bonongwe, oyandikana nawo nyumba: "Poti mwangokhala, tandigwirirani mbuziyi." Mbuzi sikufuna kugwiridwa. Tikuthamangitsana mpaka kudambo.

Lachiwiri, 10 Juni
Ndachenjera. Ndikupumira m'nyumba, chitseko chotseka. Ndayiwala kuti kuno mwamuna akagona masana ndiye kuti zavuta. Amayi anayi a kumpingo afika kudzazonda matenda. Nyimbo zitatu, pemphero lalitali, tiyi. Wamkulu wawo miyendo yatupa. Wodwala uja ndikuwapalasa mpaka kwawo, chitunda chonse chija, ulere!

Lachitatu, 11 Juni
Tsiku losewera. Bawo pamsika wa Thambani. Ndangokhala pabenchi, wina akukuwa: "Kabaza!" Ndi mayi wa thumba la makala. Miyendo yanga yanyamuka yokha osandifunsa.

Lachinayi, 12 Juni
Lero kusinkhasinkha. Pakati pa sabata m'tchalitchi simukhala munthu. Ndatseka maso. Bata lokoma, mphindi khumi zathunthu! Kenako mkulu wa mpingo: "Taonani kudzipereka! Ena amabwera Lamulungu lokha." Ndalandira:
tsache,
chikwakwa,
mpando m'komiti ya denga.

Lachisanu, 13 Juni
Ndabisala m'munda wa manachesi kutsidya kwa mtsinje. Mwini munda wandipeza. "Mwabwerera ganyu yothyola?" Ndinganene bwanji kuti ndabwera kudzagona m'munda wa eni, zipatso zitapsa? Wakuba amayankha choncho. Ndavomera ganyu. Madengu asanu. Msana ukuyimba nyimbo za maliro.

Loweruka, 14 Juni
Mayi a Tadala akhala pakhomo ngati mlonda. Aliyense wobwera: "Akupuma, pitani!" Palibe wondisokoneza. Koma tulo sitikubwera. Belu la njinga likalira pamsewu, mtima ukuti: kasitomala wanga uyo, wapita ndi mnyamata wa ku Nthache. Denga ndaliyang'ana mokwanira. Njinga ili pakona, tcheni chouma, ikundiyang'ananso. Kungodontheza oyilo pang'ono si ntchito.

Mayi a Tadala alowa ndi madzi akumwa. Ayang'ana manja anga. Ali oyilo yekhayekha. Atenga foni.

Lamulungu, 15 Juni
Alipo: ine, mayi a Tadala, ndi alamu a ku Kanduku aja, amene abwera kudzatenga njinga. Ndaipukuta, ndapopa matayala. Alamu ayesa kukwera, atsika. "Alamu, bondo langa ndi zitunda za kwathu sizigwirizana. Tangondiperekezani."

Ndawapalasa mpaka ku Kanduku. Njinga yatsala. Ndabwerera wapansi.

Pafupi ndi kunyumba, a Bonongwe akundidikira, akumwetulira: "Ndamva muli patchuthi mwezi wonse. Khola la mbuzi lija lagwa." Ndawauza kuti ndifika mawa m'mawa.

Mpumulo umene adokotala analamula: maola asanu ndi awiri. Umene ndapuma: mphindi khumi. Wotsala: maola asanu ndi limodzi ndi mphindi makumi asanu.