Mausi ya Alamu Anga

Pali zinthu zina munthu ukazikumbukira umaseka wekha, koma tsiku lomwe zidachitika sudaseke. Ine ndili ndi kashopu kotaipa ndi kusindikiza makalata pa Mtakataka, ndipo anthu ankanditcha dokotala wa mausi a kompyuta (dzinalo ndidayamba kulifalitsa ndine ndemwe).

Mausi yanga yakale ikayamba kudina kawiri ine nditadina kamodzi, ndinkaitsegula, kupukuta kachitsulo kam'kati ndi sipiriti, kukapinda pang'ono ndi pini, basi yachira.

Tsiku lina adabwera alamu anga, achimwene a mayi akunyumba, omwe amagulitsa usipa ku Golomoti. Adali ndi mausi yodula yomwe adagula ku Joni, ndipo batani lake linkangogwira likafuna.

"Alamu, muisamale. Ogulitsa adati ilibe chitsulo chogundana, imadina ndi kuwala."

"Ogulitsa amanena zambiri," ndidatero, ndikumasula kale.

Nditatsegula, kachitsulo kanga kaja kulibe. Ndidangopeza kapulasitiki kotsika pakati pa timaso tiwiri tating'ono, ndi kamamba ka usipa katakanirira pomwepo. Munthu wanzeru akadangouzira mpweya n'kutseka. Koma anthu adali atadzaza pakhomo kudzaona dokotala, ndiye kungouzira ndidaona ngati kudzichepetsa.

"Adakuberani, alamu. Adachotsamo chitsulo."

Ndidathira sipiriti, kenako n'kulowetsa pini kuti ndipinde kapulasitiki kaja monga ndimachitira ndi chitsulo. Kadangoti thyo! Theka lidadumphira pansi, ndipo tonse tidagwada kulifunafuna mumchenga, ngakhale amayi ena omwe adangobwera kudzataipitsa kalata. Ndidayesa guluu, guluuyo n'kumata timaso tija, pamodzi ndi chala changa.

Alamu sadakalipe (bola akadakalipa). Adangoti, "Paja Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo." Manyazi adandigwira mpaka m'makutu.

Kunyumba akazi anga adagamula mlandu ndisadakhale n'komwe pansi: "Muwapatse yanu ija." Ndidaipereka mtima ukuwawa, poti ndidali nditakhala nayo zaka zambiri.

Chibale chilipobe, ndipo usipa amatipatsabe. Mausi ija ikayamba kudina kawiri amabwera nayo kwa ine, ine n'kumva kukoma. Kungoti amakhala pompo, maso ali pa zala zanga, ndipo pini amasunga okha mpaka ataona ndi maso awo kuti m'katimo muli chitsulo.