Ndinatsala ndekha pakhoma la msika

Mukadzafika pamsika wakale wa Nangongwe, kuseri kwa ogulitsa nsomba, mudzaona munthu wa makutu aakulu atajambulidwa pakhoma, kapu ili m'manja. Musavutike kufunsa, ndine. Mmene ndinafikira pamenepo si nkhani yonyaditsa, koma poti ena amaikamba mokhotetsa, bola ndiulule ndekha.

Ndinabwera ku Kafue kuchokera kwathu ku Katete ufulu udakali wachatsopano, mafakitale akungomera ngati bowa. Ndinalembedwa pafakitale ya nsalu, ntchito yanga kujambula maluwa a pazitenje. Anandipatsa kanyumba ku Kafue Estates, ine n'kuikamo mpando umodzi, mbale imodzi ndi kapu imodzi (yachiwiri ikanamwera ndani?). Amayi a tauni yonse ankavala maluwa anga, koma wodziwa dzina langa panalibe. Loweruka ndinkakhala pakhonde ndi tiyi wanga, kumangoyang'ana anthu akupatsana moni pamsewu. Ndinali wosungulumwa kwabasi, ndisabise.

Pamsika paja pankakhala anyamata asanu amene sukulu inawataya, fakitale n'kuwakana kuti ngaang'ono. Ankangoswera pakhoma, kusuta, kunyoza odutsa ndi kusowetsa tomato wa eni ake. Mtsogoleri wawo anali Mwiinga, mwana wa msodzi. Ndinapita kwa akuluakulu a msika n'kunena kuti ndikufuna kuwongola ana amenewa, tijambule khoma lonse lisanafike tsiku lokumbukira ufulu. Ananditama kuti ndine munthu wamtima. Zoona zake n'zakuti ndinkangofuna wocheza naye Loweruka.

Nditawayandikira, Mwiinga anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Shani ba mudala? Ndimwe ba kapokola?"

"Iyayi, sindine wapolisi. Ndimajambula maluwa a zitenje."

"Aa, ba Maluwa!" anatero, anzake n'kufa nazo. Dzinalo linandikanirira mpaka lero.

Penti ndinalibe, koma nzeru ndinali nazo zambiri (ndinkaganiza choncho). Ndinapempha kapitawo wathu utoto wa nsalu wotsalira m'migolo, ndikusakaniza ndi laimu. Mitundu yake inali yotenga mtima. Mwiinga anaviika chala, nanunkhiza.

"Ba Maluwa, iyi penti siinunkha. Penti ya zoona imanunkha. Mvula ikabwela izagwila?"

"Iwe, zitenje zanga amazichapa kumtsinje tsiku ndi tsiku. Unaonapo chosuluka?"

Mwiinga anangopukuta chala chake pakabudula. Chimene ndinaiwala ine katswiri n'chakuti kufakitale nsalu timaiphika ndi nthunzi kuti utoto ugwire. Nanga khoma mungaliphike bwanji?

Masabata amenewo ndiwo anandikomera koposa chifikire ku Kafue. Anyamata aja, amene anthu ankati manja awo ngodziwa kuba basi, anajambula sitima ikuwoloka mlatho, asodzi m'mabwato, machumuni a fakitale ndi chikhamu cha anthu akuvina. Tikaweruka ankanditsatira kunyumba kukamwa tiyi, mpaka ndinagula makapu ena asanu. Pakati pa chikhamu chija Mwiinga anakhomapo thumba la saka, ndipo ankajambula kuseri kwake ndi kachitini ka penti ya bwato la bambo ake.

"Osasuzumila ba Maluwa, ni sapulaizi."

Tsiku la ufulu linacha ndi chifundizi. Kunabwera akhansala atavala suti yoyera, kwaya ya ana asukulu, ndi amayi a pamsika atatchena zovala zosungira chikondwerero. Ine ndinaima kutsogolo chifuwa chili panja, ndikubwereza chamumtima mawu amene ndinakonza. Akhansala atangoyamba kutamanda achinyamata omanga dziko, kunagunda kamodzi, mvula yoyamba n'kukhuthuka.

Pobisala panalibe, koma kamthunzi ka malata m'mbali mwa khoma lathu. Anthu onse anathamangira pomwepo, misana n'kuitsamiritsa pa zithunzi. Ndinayesa kukuwa kuti achokepo, koma mkokomo wa mvula pamalata unameza mawu anga. Ndinaona sitima ikusungunuka, asodzi akutsetsereka, ovina akutsikira m'ngalande. Woyamba kuzindikira anali amake Jelita, wogulitsa nsomba, mayi woti pakamwa pake sipagwa ntchentche.

"Imwe ba Maluwa! Onani dilesi yanga! Nioneka monga fulegi ya dziko! Muzanichapila ndimwe?"

Akhansala anapotoloka kuti aone chachitika n'chiyani, anthu n'kuona msana wawo: wobiriwira pamapewa, wofiira m'chiuno. Ana a kwaya anagwa pansi ndi phwete. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Kenaka saka lija linalemera ndi madzi, n'kugwa. Khoma lonse linali litayera, kupatula chinthu chimodzi chojambulidwa ndi penti yonunkha: ine, pampando, makutu ali petupetu, kapu m'manja. Anthu anaseka kachiwiri, koma Mwiinga sanaseke. Anabwera pafupi, madzi akuchucha kumaso.

"Tenze tinakuikani pakati pa bantu, ba Maluwa, kuti musazinkala mweka. Manje bonse bayenda."

Ndinayang'ananso chithunzi chija. Ndinkayesa kuti kusungulumwa kwanga ndabisa bwino, osadziwa kuti ana aja anakuona tsiku loyamba lomwe anapeza kapu imodzi m'nyumba mwanga.

Mlandu wa zovala unagwera anyamata, ngakhale ndinalumbira kuti wolakwa ndine. Amayi ogulitsa aja anawapirikitsa pamsika. Mwiinga anatsikira kumtsinje kukathandiza bambo ake, enawo anakwera sitima ya ku Lusaka. Ndinakagula penti yeniyeni kuti tiyambirenso, koma oigwira anali atapita, ndipo inaumira m'chitini.

Moni ndiye ndinayamba kulandira, sindikana. Tauni yonse inandidziwa, ngakhale ana ondiloza chala. Phunziro ndinatolapo: mwana wa msodzi akakuuza kuti penti sikununkha, tsitsa mphuno ununkhize. Koma lina, lozolowera kukhalanso ndekha, landikanika mpaka pano. Makapu asanu aja ndikadali nawo, ndipo Loweruka lililonse ndimawatsuka onse, n'kumwera imodzi.