Tsiku limene ndinasiya make

Nkhani iyi ku Nkholongue anthu amaikamba ndikangopotoloka, ndiye bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndisenze mwini wake.

Nthawiyo n'kuti nditangomaliza maphunziro a informatika, za makompyuta, ku Lichinga, ndikukhala pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga Felisa, amene mudzi wonse umamutchula kuti make Zito. Ine ndi mnzanga Amade tinkalemba kapulogalamu koti kathandize asodzi kudziwa kumene usipa ukugulidwa bwino. Amade anali ku Lichinga, ine kuno ndi laptop yanga ya batire lomanga ndi mphira wa njinga. Anali masiku okoma. Rede, netiweki ya foni, inkagwira malo amodzi okha, pansi pa mtengo wa mango wa apongozi anga, ndipo kuti mnzako akumve pa foni unkachita kukuwa.

Mkangano wathu unali umodzi. Pulogalamu imakhala ndi ma file ambirimbiri a code, ndiye pamafunika chida chowasonkhanitsa, kuwayesa ndi kuwamanga kukhala chinthu chimodzi, monga mmisiri alumikizira matabwa kukhala boti. Ife tinkagwiritsa ntchito chakalekale chotchedwa Make. Angerezi amati "meyiki", koma ife ophunzira m'Chipwitikizi tinkawerenga monga chalembedwera: ma-ke. Panalinso chida chatsopano, Gradle, chimene tinkachitcha Gradile.

Tsiku lina build, ntchito yomanga pulogalamu ija, itakanika kuyambira m'mawa, ndinathamangira pamtengo paja.

"Amade, ine make ndatopa naye! Ukangolakwitsa pang'ono akukana ntchito yonse, chimene chamunyansa osanena bwinobwino. Ndikumusiya. Ndikutenga Gradile."

Sindinadziwe kuti kuseri kwa mtengowo apongozi anga, mayi ake a Felisa, ankayanika chinangwa.

M'mawa mwake ndinaitanidwa. Pamkeka panali a Chikoti, amalume ake a Felisa, nkhoswe ya banja lathu, munthu wofatsa amene anakhala ku Malawi nthawi ya nkhondo. Apongozi anali chapambali, ndipo Felisa anali atadzifunda kapulana, chitenje chake, kumutu. Ine mutu unali udakali mu code.

"Akamwini," anayamba a Chikoti, "tamva kuti make mukumusiya. N'zoona?"

Ndinakondwa kwambiri. Miyezi yonseyi anthu ankati ndimangosewera pa laptop, lero akuluakulu akufunsa za ntchito yanga.

"N'zoona, amalume. Ndaganizira mofatsa."

"Walakwa chiyani?"

"Wakalamba. Wandithandiza kwambiri, sindikana, koma ntchito ikakula sakwanitsa."

Apongozi anagwira pakamwa. Mapewa a Felisa anayamba kugwedezeka pansi pa kapulana.

"Nanga Gradileyo kwawo n'kuti?"

"Ndinamupeza pa internet. Anandionetsa ndi Amade. Iyenso wakhala naye kale, akuti ndi wachangu."

A Chikoti anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Mnzanu wakhala naye kale, inu n'kukamutenga?"

"Ali ndi anthu ambiri, amalume. Ndi waulere."

A Chikoti ndi apongozi anayang'anana. Ine ndinaona ngati akukayikira nzeru zanga, ndiye ndinati ndiwatsimikizire kuti ndine munthu serious, sindichita zinthu mophwanyaphwanya. Panali chida chachitatu, Maven, chimene ndinali nditachiyesanso.

"Musaone ngati ndathamangira. Ndinayamba ndayesa Mavene, koma uyo ndi wolongolola. Kanthu kakang'ono, mawu tsamba lonse."

"Afika atatu," anatero apongozi, akuyang'ana kumwamba.

"Chabwino," a Chikoti anapuma kaye. "Nanga mwana atsala ndi yani?"

"Mwana wake uti?"

"Zito. Mwana wanu. Mukasiya make, Zito apita kuti?"

Mawu aja anandilowa pang'onopang'ono ngati madzi m'bwato loboola. Make. Make Zito. Ndinakumbukira zonse zimene ndinali nditangoyankha, chimodzichimodzi, mpaka pa "waulere" paja.

Apa m'pamene Felisa anavundukula kapulana. Misozi inalidi m'maso, koma inali ya phwete. Iye anali atamva kale ine ndikukalipira laptop miyezi yambiri, ndiye mayi ake atamuuza dzulo lake, anadziwiratu kuti make wake ndi uti. Anangosankha kukhala chete.

"Bambo a Zito," anatero akupukuta m'maso, "ndimafuna ndimve ndekha ngati ndakalambadi."

Ndinathamangira m'nyumba kukatenga laptop. Ndinaiika pamkeka n'kuwaonetsa screen yakuda ya timalemba toyera.

"Make ndi uyu, amalume. Si munthu ayi, ndi chida."

A Chikoti anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Kenako anavala chipewa chawo.

"Kaya munthu kaya chida, wakuthandizani. Simusiya chinthu chifukwa chakalamba."

Apongozi sanandilankhule mpaka chinangwa chija chitauma. Atayambanso kundilankhula, nthawi iliyonse ndikatenga foni kupita pamtengo ankanditumizira moni kwa Gradile.

Lero rede ikugwira mpaka kukhitchini, Amade anasamukira ku Nampula, Zito ndi mnyamata wamkulu, ndipo apongozi ndi a Chikoti onse anatisiya. Ndikamalemba code m'chipinda mwakachetechete ndimasowa masiku okuwa aja, pamene mudzi wonse unkamva nawo mavuto anga ngakhale sunkawamvetsa.

Koma nkhani sinathere pamkeka paja. Malangizo a nkhoswe sindinawamvere, Gradile ndinamutengabe. Tsoka lake, asanagwire ntchito iliyonse ankayamba wachita download zinthu zake, ndipo ndi rede yathu ija megas, ma bundle a internet, ankatha build isanayambe n'komwe. Ndinapita ku Metangula kukagula ena, nawonso anatha. Mapeto ake ndinabwerera ku chida chakale mwakachetechete, ndikuganiza kuti palibe adziwe. Felisa anauza mayi ake.

Loweruka lake ndikudutsa kugombe, a Chikoti anali pakati pa asodzi akusoka ukonde. Anandiona patali n'kukweza mawu kuti aliyense amve:

"Akamwini, ndamva mwabwerera kwa make. Mwachita bwino! Akazi a pa internetwa amangodziwa kudya."

Akuluakulu akayamba mwadzidzidzi kukonda ntchito yako, yamba wafunsa kuti akukamba za yani.