Ndowa ya phala ya a Nabanda

Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wamuwisi, manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo. Nkhaniyi ngakhale mkazi wanga amaidziwa theka lokha.

Ndinali nditangoyamba kumene ntchito ku kabungwe kena kothandiza sukulu za mkombaphala m'midzi ya kutali kuno ku Kasungu. Ntchito yanga inali kukasiya ufa wa phala ndi kuonetsetsa kuti akumwa phalalo ndi ana olembedwa m'kaundula basi. Ndinali ndi njinga yamoto yatsopano, ndiponso matama (amenewa anali akalekale).

Pasukulu ina kuseri kwa Kapelula ufa unayamba kutha msanga. Mlezi wa anawo anali a Nabanda, mayi wamasiye wosachulutsa mawu, amene ankagwira ntchitoyo osalandira kanthu. Ku ofesi anandiuza mosapsatira kuti ndikapeza kuti ufa ukubedwa, sukuluyo ichotsedwa pamndandanda, ana onse phala aiwale. Miyezi iwiri yathunthu ndinangowayang'ana mayiwo ndi diso lokayika, ndikukonza zowagwira.

Tsiku lake ndinalawirira. Njinga ndinaisiya pagolosale ya a Yusufu, n'kuyenda wapansi. Nditayandikira, ndinalowa m'munda wa fodya woyang'anana ndi kasukuluko n'kubisala pakati pa mizere. Mame anali atadzaza masamba onse, ndipo posakhalitsa malaya anandimatirira pathupi. Mlimi aliyense amadziwa kuti fodya wonyowa akakukhudza nthawi yaitali amaledzeretsa. Ine mwana wa pa Boma ndinali ndisanamvepo.

Ana atamwa phala, ndinaona a Nabanda akuthira lina m'ndowa, kuvindikira, n'kusenza. Ndinasangalala (Mulungu andikhululukire, ndinasangalaladi). Ndinawatsata chokwawa m'mizeremo, ndipo kuti asandizindikire ndinathyola masamba awiri akuluakulu n'kudziphimba nawo kumaso. Apa n'kuti mutu utayamba kale kuzungulira.

"Wakuba! Wakuba uyo!"

Ndisanadzuke n'komwe, amuna atatu anali atandizinga, wina chikwanje kumanja. Nyengo yothyola, akuba fodya savuta pang'ono, ndipo alimi sachita nawo nthabwala. Ine umboni ndinali nawo m'manja, masamba okhwima bwino.

"Ndine wa bungwe," ndinatero. Mawu otsatira sanatuluke. Chimene chinatuluka ndi tiyi wa m'mawa.

Anandikokera kuchigafa, mmene amayanikamo fodya. Kumeneko ndinapeza a Nabanda atagwada, akugawa phala lija m'makapu. Pamasaka panakhala tiana tisanu ndi tiwiri, pafupi ndi amayi awo amene ankasoka fodya. Anali ana a matenanti, anthu ochokera kutali odzalimira eni minda. M'kaundula mwathu munalibe ndi mmodzi yemwe, chifukwa sanali a m'mudzimo, ndipo fodya akagulitsidwa amasamuka. Kamtsikana kena ka tsitsi lofiirira kankamwa phalalo osapumira, maso ali pandowa.

"Asiyeni abambo, awa ndi alangizi athu a phala," anatero a Nabanda. Anandipatsa madzi oti nditsuke m'kamwa. Zimene ndinkachita m'munda sanandifunse. Anangoyang'ana kope limene linali litasuzumira m'thumba la malaya anga, n'kudziwa zonse.

"Ndiye mwaona, alangizi," anatero motsitsa mawu. "Chimanga chimene amalandira kwa bwana wawo anthuwa sichikwana, ndiye anawa amaswera ndi njala. Ine ndiziphika phala apo, kulira ndikukumva kuno? Sindingathe. Kalembeni kuti Nabanda ndi wakuba, mundichotse ine. Koma ufawo musaleke kubweretsa."

Ndinasowa poyang'ana. Munthu amene ndinabwera kudzamugwira ndi amene anandipulumutsa ku chikwanje, ndipo sanadzipemphere kanthu. Ndinapepesa mwachibwibwi, amuna aja akuseka chamumtima, mmodzi n'kundilanda masamba ake.

Lipoti ndinalemba tsiku lomwelo. Za m'munda sindinatchulemo (ofesi siyenera kudziwa zonse). Ndinalemba maina a ana asanu ndi awiri aja, n'kupempha kuti awerengedwe pamodzi ndi anzawo. Mabwana anakambirana milungu ingapo, kenaka anavomera. Sukulu sinachotsedwe, a Nabanda sanachotsedwe, ndipo anationjezera thumba la ufa.

Ndinalimangirira panjinga ndekha n'kuthamanga nalo. Ndinapeza chigafa chili pululu. Fodya anali atapita ku okishoni, matenanti atamanga katundu, ana onse atapita. Ndinafunsa za kamtsikana ka tsitsi lofiirira, a Nabanda n'kungoti makolo ake anachoka nako kataberekedwa kumbuyo, kakutsokomola.

Akulu amati safunsa anadya phula. Ine ndiye sindinafunse, koma phulalo sindinadye ndine. Ndikanangotsegula pakamwa mwezi woyamba uja, thumbalo likanawapeza anawo.