Chitsulo Chinandiletsa Kusanduka Fisi

Udikoni ndinangoununkhiza, abale anga, sindinaulawe. Musafulumire kuganiza kuti ndinagwidwa ndi mowa kapena ndi mkazi wa mwini, ayi ndithu. Chinandigwetsa ine ndi chovala cha munthu woti kulibe, munthu wa papepala. Ndikamaikumbuka nkhaniyi mtima umawirabe mpaka pano.

Ine ndimakhoma ndowa ndi mbaula pa Zalewa, ndipo chitsulo ndimachidziwa kuposa nkhope za ana anga. Chaka chathachi dzina langa linaperekedwa kutchalitchi kuti ndikhale dikoni. Chinatsala n'chimodzi: a Mbewe, mkulu wa mpingo, anati adzafika kunyumba tsiku lililonse kudzacheza nane dzinalo lisanawerengedwe. Mayi a kunyumba anandichenjeza. "Bambo a Tadala, masabata awiri okha, pakamwapo mumangepo." (Amandidziwa. Ndinakanganapo ndi wailesi mpaka ndinaitulutsa panja.)

Tsono pali mlamu wanga Yohane, mlongo wa mkazi wangayo, mphunzitsi wa pulayimale. Iyeyu anabwera kuchokera kukoleji ndi masewera ena ake a patebulo. Aliyense amakhala ndi munthu wake wolembedwa papepala. Mlamuyo amasimba nthano, inu mumanena zimene munthu wanu achite, kenako mumaponya dayisi, kamwala kolembedwa manambala, kuti muone ngati zatheka. Tinkasewera Lamulungu masana pakhonde panga, ine, mlamuyo ndi anzathu awiri a kabaza. Munthu wanga anali duruwidi, ndiye kuti msing'anga wa m'tchire wosamala mitengo ndi nyama. Ndinamusankha pa chifukwa chimodzi basi: amatha kusanduka nyama iliyonse.

Zinthu zinkayenda bwino mpaka tsiku lomwe mlamu anati, "Sabata yamawa mukalimbana ndi chimphona. Aliyense asankhe chovala cha nkhondo."

"Ine chachitsulo," ndinatero. "Kuyambira kumutu mpaka kuphazi."

"Sizitheka, alamu. Duruwidi savala chitsulo. Akavala, mphamvu zake zimathawa. Sankhani chachikopa, ndi chishango cha mtengo."

Chikopa! Ine! Munthu wa nyundo zaka zonsezi ndivale chikopa ngati ng'oma? Anzanga a kabaza aja, anthu oti sadziwa ngakhale kuwongola msomali, anapatsidwa zachitsulo zonyezimira. Ndinafunsa kuti analemba lamulo limeneli ndani, ndipo anagwirapo nyundo chibadwire? Mlamu anangoti lamulo ndi lamulo, komanso chitsulo n'cholemera, munthu wa m'tchire sangathamange nacho.

Mawu amenewo ndi amene anandilasa. Kunyoza chitsulo pakhonde panga, atakhala pa mpando woti ndinaupinda ndekha! Ndinalumbira chamumtima kuti mwana ameneyu ndimuonetsa.

Sabata yonseyo mbaula za anthu zinadikira. Ndinadula mgolo wakale, ndinaumenya mpaka unatenga thupi langa, ndinaboola mabowo m'mbali odutsamo waya. Ndinaikanso timalata ta m'mapewa. Kunena zoona, inali ntchito yokongola, ndipo aliyense wotsutsa abwere adzakhome yake tione.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinavula jekete n'kulowa mu mgolo muja. Mmodzi wa anyamata a kabaza anandimanga waya kumsana, akufa nazo kuseka. Unali mwezi wa Okutobala. Amene mumadziwa dzuwa la pa Zalewa mwamva kale. Sipanathe mphindi khumi, thukuta linayamba kutsika m'miyendo mpaka m'nsapato.

Mayi a Tadala anasuzumira pakhomo. "Kodi mwapenga eti?"

"Ndikuphunzitsa mlongo wanu."

Anangogwira pakamwa n'kubwerera m'nyumba.

Ndinazungulira bwalo kawiri mothamanga, chitsulo chikulira kwengwere kwengwere, nkhuku zikubalalika. "Mwaona, alamu? Ndikuthamanga kapena sindikuthamanga?"

"Mukuthamanga," anatero mlamu, nkhope ili gwa. "Ndiye duruwidi wanu wavala chitsulo?"

"Wavala!"

"Chabwino. Ndalemba."

Masewera anayamba. Chimphona chinatuluka m'phanga, chinagwetsa mnzanga woyamba, chinagwira wachiwiri pakhosi. Onse anayang'ana ine. Ndinati ndisanduka fisi ndichilume mwendo. Ndinaponya dayisi, ndipo inagwa pa nambala yapamwamba kwambiri, imene sindinaipezepo chiyambire.

Mlamu anayang'ana dayisi, anayang'ana ine. "Palibe chachitika. Mwavala chitsulo. Mwangoima pamenepo ngati ndowa."

Apa ndiye magazi anakwera kumutu. Ndinadzuka, tebulo linapendekeka, ndinakuwa ndi mawu oti anamveka mpaka kumsewu.

"Zaziii! Ndisanduka fisi lero lomwe, mufune musafune! Sabata yatha ndinasanduka fisi pompano, ndinadya anthu atatu, inu mukuwomba m'manja! Lero mwati mundiletse? Mphamvu ndi zanga izi, ndazivutikira miyezi itatu!"

Onse ankayang'ana kumbuyo kwanga. Nditatembenuka (mgolo wonse unatembenuka nane) ndinaona a Mbewe ataima pachipata ndi njinga yawo, chipewa chili m'manja, "odi" atawakanirira pakhosi.

Ndinayesa kuwerama kuti ndiwalonjere mwaulemu. Lata linandibaya pamimba, ndinawongoka ndi kubuula. "Takulandirani, bambo. Musadabwe, n'zocheza chabe izi."

A Mbewe anayang'ana patebulo. Panali dayisi, timiyala toimira anthu athu, ndi pepala lomwe ndinajambulapo fisi ndi kadzidzi. Kwa munthu wongofika kumene, kunali kuombeza ula masanasana.

"Anthu atatu," anatero motsitsa. "A kuti?"

"Si anthu enieni, bambo! Ndiponso si nthawi zonse fisi. Masiku ena ndimangosanduka kadzidzi, kukazonda."

Ndinamva ndekha kuti ndaonjeza mchere, ndiye ndinayang'ana mlamu kuti andipulumutse. Mphunzitsi wathunthu, wa satifiketi, anatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Zoona, bambo, musaope. Lero sangasanduke. Zimatheka akavala chikopa."

Mlamu ameneyu ndidzamukhululukira tsiku lina, koma si chaka chino.

A Mbewe anavala chipewa chawo pang'onopang'ono. Mayi a Tadala anatuluka ndi mpando, akugwada, akuti khalani timwe tiyi, koma a Mbewe anati ali ndi odwala oti akawaone ku Chifunga. Ndinayesa kuwatsatira kuti ndifotokoze bwino. Tangoganizani munthu wa mu mgolo akukulondolani pamsewu, akulira ngati ngolo yopanda girizi, akukuwa kuti "Dikirani, ndikulongosolereni za fisiyo!" Nkhalamba ija inapalasa njinga ngati mnyamata. Waya uja anakana kumasuka, moti anyamata a kabaza anachita kumudula ndi pulayazi, msana utatuluka matuza.

Lachitatu anandiitana pamaso pa akuluakulu a mpingo. Ndinapita ndi mlamu, mapepala ndi dayisi. Tinafotokoza kwa maola awiri. Anamvetsa kuti si ufiti, ena mpaka anaseka chobisa. Koma a Mbewe anati, "Za fisi tazisiya. Nanga munthu wokuwa chotere chifukwa cha malaya a papepala, tikam'patsa kuti akhazike anthu pamipando m'tchalitchi, adzatani?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti vuto si ine, vuto ndi lamulo lija. Mlamu anandiponda phazi.

Lamulungu lotsatira dzina linawerengedwa. Linali la bambo wina wogulitsa tomato, munthu woti salankhula ngakhale mutamuponda. Mpingo unawomba m'manja. Mayi a Tadala, omwe anali atasoketsa kale diresi ya tsikulo, sanandiyang'ane. Anaimba nyimbo yonse maso ali kutsogolo, misozi ikutsika, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa matuza aja.

Aliyense akuti ndiphunzirepo kuugwira mtima, ndipo ndaphunziradi. Lamulo lija ndi lopusa, analilemba munthu wosadziwa chitsulo, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka kumanda. Kungoti masiku ano ndimayamba ndasuzumira kuchipata, kenako n'kunena monong'ona.