Miyala ya Khonde la Amayi

Ndaona kuti n'koyenera kulemba nkhaniyi chifukwa kwathu ku Kachebere ikusimbidwa m'njira zosiyanasiyana, ndipo m'njira zonsezo ine ndikuoneka wopusa kuposa mmene zinalili.

Pa tchuthi cha mwezi wa Julaye ndinapeza amayi ali ndi nkhawa. Chinkhoswe cha mlongo wanga Esinati chinali pafupi, ndipo iwo ankaopa kuti akuchimuna adzatinyoza akadzaona fumbi la pabwalo pathu. Ndinawalonjeza khonde loyala miyala, longa limene lili kukoleji kwathu (sindinaone mmene analiyalira, koma ndimayendapo tsiku ndi tsiku).

Miyala ya m'mbali mwa phiri inali yobulungira. Koma m'minda yokolola kale, kutsidya kwa dambo, ndinapeza yathyathyathya, uliwonse utatsamira pa kamtengo, pansi pake pali mtedza wokazinga. Ndinadabwa ndithu. Ndinaganiza kuti mwina ndi mmene alimi amaumitsira miyala (ndinakulira kwa azakhali ku Boma, chonde muzikumbukira zimenezi). Ndinaituta pa wilibala, mtedzawo n'kumadya m'njira.

Khonde linatha, ngakhale kuti mpando unkagwedera paliponse pamene wauika.

Tsiku la chinkhoswe, a Zulu, nkhoswe ya kuchimuna, sanayang'ane munthu kumaso. Atakhala pa khondepo, ankangoyang'ana pansi, nagogoda mwala wina ndi chidendene, kenaka wina. Amalume anga atawafunsa ngati akudwala, anayankha kuti ali bwino, kungoti akhala akudya masamba okhaokha chifukwa madiwa awo onse otchera mbewa anasowa m'munda.

"Tsono ndawapeza," anatero. "Ndawakhalira."

Mawu akuti diwa ndimawadziwa, ndipo ndinawakhoza pa mayeso. Chinthu chenichenicho ndinali ndisanachionepo.

Esinati anadzifunditsa chitenje n'kuyamba kulira. Amalume ananditengera kuseri kwa nkhokwe nandifunsa ngati ndinadyanso mbewazo. Ndinayankha kuti ndinadya mtedza wokha. Iwo anati zimenezo ndisadzauze munthu aliyense.

Ankhoswe a mbali zonse anakambirana pansi pa mango. Ine ndinali nditakonza kale wilibala, poyembekezera kulamulidwa kubweza miyalayo. Koma pobwerera a Zulu anati:

"Mkamwini amayamba ndi kumanga kuchikazi. Ife tinatsogoza miyala, mlamu wakeyu anangotinyamulira. Mwambo upitirire."

Nthungululu zinamveka, nkhuku zinasinthanidwa, Esinati anapukuta misozi. Lero amayi amauza mlendo aliyense kuti khondelo anawamangira ndi mkamwini wawo, munthu amene sananyamulepo mwala ngakhale umodzi. Ntchito imene inanditsalira ndi yozula udzu m'mipata. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndinakhululukidwa kapena ndinalangidwa.

Owerenga odziwa mwambo, ngati pali pamene ndalakwitsa, kaya m'Chichewa kaya m'kamvedwe ka chigamulochi, chonde ndilembereni mundiwongole, makamaka pa funso lakuti khondelo analimanga ndani.