Tsiku Limene Jailosi Anaveka Gata Neti ya Mwana

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo ine ndikangoukumbuka mtima umandiwira.

Ku Chilomoni kunali mayi wina dzina lake Esinala. Ankakhala ndi mwamuna wake Jailosi ndi mwana wawo wakhanda, Mwatitha. Chipinda chimene ankagonamo Esinala anachivutikira yekha. Anaponda dothi, n'kuumba zidina, mwana ali kumsana. Zidinazo zinali zosaotcha, choncho mdani wa khoma lake anali madzi. Chimene chinkaliteteza ndi gata, ngalande ya malata ija imalandira madzi a padenga n'kukawatsira mu mgolo.

Koma pamwamba pa nyumbayo panaweramira mtengo wa jakaranda, wa timasamba ting'onoting'ono. Chaka chilichonse gata linkadzaza zinyalala, ndipo kulikokolola inali ntchito ya Jailosi. Bamboyo ntchito imeneyi ankadana nayo koopsa.

Tsiku lina Esinala pochokera kuchigayo anapeza mwamuna wake ali pamakwerero akuimba mluzu, gata lonse ataliveka kansalu kobiriwira. Atayang'anitsitsa, dengu la ufa linatsala pang'ono kugwa.

"Bambo a Mwatitha, si neti ya mwana imeneyo?"

"Inali neti," anatero Jailosi. "Tsopano ndi sefa. Ndinaona ku Namiwawa komwe tinkapenta nyumba. Gata amalivundikira, masamba amatsala pamwamba, madzi okha ndiwo amalowa."

"Kumeneko amavundikira ndi neti ya udzudzu?"

"Ndi waya. Koma waya wawo ngwa maboo aakulu. Yangayi ngakhale fumbi silidutsa."

"Ndiye zikatsala pamwambapo asese ndani?"

"Mvula, mayi. Mvula ndiye tsache."

Esinala anatula dengu. "Mwadula neti ya mwana wanga chifukwa cha ulesi wokwera makwerero kamodzi pachaka! Khoma ili likangonyowa, mudzandidziwa."

Dzuwa la Okutobala linatentha, jakaranda anachita maluwa. Maluwawo ankagwera pa neti n'kumamatira. Pamwamba pake panabwera timasamba, kenako fumbi la mumsewu, kenako zitosi za mbalame. Esinala tsiku lililonse akamayanika matewera ankakweza maso. Ankaona netiyo ikusanduka mphasa, pakati pake ikulendewera ngati mimba ya mbuzi.

Anafuna makwerero kuti akasese yekha, koma Jailosi anali atakawabwereketsa dala kwa mnzake wa ku Chirimba. Anatenga nsungwi yaitali kuti agwetse zinyalalazo. Mwamuna wake anathamanga n'kumulanda.

"Mukufuna kundichititsa manyazi? Anzanga onse a ku bawo ndawauza kale kuti adzaone. Mukasesa inu, adziwa bwanji kuti yasesa ndi mvula?"

"A ku bawo amagona m'chipindamu?"

Vuto la Jailosi linali limodzi lokha: mvula inachedwa. Anzake anayamba kumuseka, kumufunsa ngati denga lake likuopa malungo. Ndiye m'mawa uliwonse ankaima pabwalo, manja m'chiuno, n'kumakalipira thambo.

"Iwe mvula, uli kuti? Bwera! Bwera yamphamvu, anthu awa atseke pakamwa!"

Kukapita kamtambo osagwetsa kanthu, ankakatukwana mpaka kubisika kuseri kwa phiri la Michiru. Esinala ankangoluma mano.

Loweruka lina masana kunada bii. Jailosi anathamangira ku bawo n'kubwera ndi anzake, onse n'kuima pakhonde la nyumba yoyandikana. Iye anavundukula mgolo, nkhope ikuwala.

Mvula inakhuthuka. Madzi anatsetsereka pa malata, n'kufika pa mphasa ya maluwa ija, n'kungoidumpha. Mu mgolo simunalowe ngakhale dontho. Zinyalala zitamwa madzi zinalemera, gata linapendekera kukhoma, ndipo madzi onse a padenga anayamba kutsikira pa zidina za Esinala ngati mpopi.

"Dikirani, ikusesa kaye!" anakuwa Jailosi.

Esinala sanadikire. Analowa, n'kubereka Mwatitha, n'kuponya mabulangete ndi zovala panja, pakhonde la anansi. Pamene ankatuluka komaliza, khoma linali litayamba kutuluka thukuta lofiira.

Apa m'pamene Jailosi anachita mantha. Makwerero kunalibe. Anadumphadumpha kuti ang'ambe neti, osaifikira. Kenako anathamangira kukhoma n'kulichirikiza ndi msana, ngati munthu wokankha minibasi yakufa.

"Leka, mvula iwe! Basi, yakwana! Leka!"

Khoma linafewa ngati phala. Linamumeza mapewa, n'kumukhazika pansi, n'kumukwirira mpaka m'chifuwa. Gata nalo linathothoka n'kumukhuthulira maluwa owola onse pamutu. Anzake a ku bawo, ataona kuti akupuma, anagwa nalo phwete.

Esinala yekha sanaseke. Anaima pamvulapo akuyang'ana zidina zake zikuyenda ngati mtsinje kulowera mumsewu, chipinda chili yasa.

"Mayi a Mwatitha, ndikokeni," analira Jailosi. "Matope andilowa m'kamwa."

"Akulowani? Mezani, ndi anu. Mwezi wonse mwakhala mukuitana pabwalo pano mpaka mawu kusasa. Mawa mukapondanso dothi, inu nokha, ine nditakhala pampando. Walira mvula, walira matope!"